Nsalu Yobiriwira ya Zuhura

Zuhura atangolowa m'holo ya phwando, anaima pakhomo pomwepo. Anzake onse a mkwatibwi anali atavala nsalu yofiira. Iye yekha ndiye anali mu yobiriwira, ija anagwirizana pagulu la WhatsApp lomwe anatsegula yekha pokonzekera phwando lotsanzikana ndi mkwatibwiyo, Mwanaidi, mnzake amene anakula naye mumzinda wa Tanga momwemo. Ndipo pamzere wovina polowetsa mkwatibwi saimapo munthu wovala zosiyana ndi anzake.

Anakokera pambali Rehema, yemwe ankagwira naye ntchito.

"Iwe, nsalu mwasintha liti?"

"Aa, kalekale! Sunaone pagulu?" Rehema anatulutsa foni, kenako n'kuibisa msangamsanga.

Koma Zuhura anali ataona kale. Linali gulu lina, anthu omwewo, dzina lake lokha ndilo munalibe.

"Usapse mtima, mnzanga," anatero Rehema. "Mwanaidi anati umachita ngati wokwatiwayo ndiwe."

"Nanga pagulu langa paja? Bwanji munkandiyankha tsiku lililonse, mpaka kumanditumizira timitima?"

Rehema anayang'ana pansi, n'kukonza mpango wake wofiira.

"Tinkachita kusinthana. Ine tsiku langa linali Lachiwiri."