Timatumba ta Ulusi Wofiira

Chiwawu chinalowa mu mpunga wa mayi Anastazia patangotha mwezi chiikireni mwana wawo Pius m'manda. Masamba anachita mawanga, ngala zinauma zisanakhwime. Dambo lonse la ku Mkanda linafiira.

Pangodya imodzi yokha ya munda wawo ndiye panali pobiriwira. Panali mpunga wachilendo, wautali, wandevu, ngati wakutchire uja alimi amazula. Ngala zina zinali zovekedwa timatumba tapepala, tomangidwa ndi ulusi wofiira.

Anaitana mchimwene wawo Titus.

"Achemwali, uku ndi kukawa," anatero Titus. "Wina watchera mankhwala kuti mpunga wanu uzipita m'nkhokwe mwake. Amafika pano ndani?"

Mayi Anastazia ankamudziwa. Anali Aleck, wa munda woyandikana nawo. M'mawa uliwonse ankamuona atawerama pangodyapo. Ndi yemweyo anasokoneza Pius. Mnyamatayo atasiya koleji ya zaulimi panjira, anabwera ndi kachikwama ndi juzi imene mayi ake anamulukira, basi. Kuyambira pamenepo ankasowa ndi Aleck tsiku lonse, mayi ake n'kumamulalatira kuti ali kumowa. Thiraki itamugunda Pius pa msewu wa ku boda, Aleck pamaliro sanadye ndipo sanayang'ane munthu kumaso.

"Wadya mwana, tsopano akufuna munda," anatero Titus.

Anazula pangodya ponse osasiya phata. Anaunjika, n'kuthira palafini. Utsi utakwera, Aleck anatulukira akuthamanga, legeni yothamangitsira mbalame ili m'khosi. Titus anamulandira ndi mpini pakamwa. Aleck anagwa m'matope.

Kathumba kotsiriza mayi Anastazia anakathothola okha. Anamasula ulusi, n'kukaponya pakati penipeni pa moto.

"Ichi ndabwezera mwana wanga," anatero.

Aleck analavula magazi. Anayang'ana motowo nthawi yaitali.

"Mayi, amene anamanga timatumbato ndi Pius. Anakwatitsa mpunga wanu ndi wakutchire wosagwidwa chiwawu, ndipo mbewu yake yonse inali m'timatumbamo. Anati ndizimulonderera mbalame, ndisakuuzeni mpaka itacha. Anaitcha Anastazia."

Mayi Anastazia anatambasula dzanja. Ulusi uja anauzindikira. Unali wa juzi ija.