Mgolo Womaliza wa Murdo

Ishbel MacAulay anakhala pampando wakutsogolo atavala khoti lake la kutchalitchi, manja atapinda, akuyang'ana munthu wa kampani uja ngati akuyang'ana zimene mphaka wasanza pakhomo.

Munthuyo anafika dzulo lake pa sitima ya pamadzi yochokera ku Oban. Tsitsi linali lodaya, siketi ya makolo imene amuna a kumeneko amavala inali yongogula kumene, mawondo ali mbuu ngati sanaombedwepo ndi mphepo ya pachilumba. Pachifuwa anapachika dzina lakuti Alasdair, ndipo ankalankhula cha m'mphuno ngati anthu a ku Edinburgh. Kumbuyo kwake kunali mgolo wakuda wa thundu, umodzi wokha umene unatsala pamene fakitale yotcheza wisiki ya Kilvarra inatsekedwa zaka makumi anayi zapitazo. Tsopano kampani ina inali itaitsegulanso, ndipo alendo a ku Japan, Germany ndi America anadzaza nyumba yosungiramo migolo, makamera ali m'mwamba.

"Anadzaza mgolo uwu ndi Murdo MacAulay, tsiku lotseka fakitale," anatero Alasdair, dzanja lili pamtima. "Anaukhoma akulira, n'kuupsompsona, n'kunena kuti tsiku lina utsi udzafukanso pano."

Alendo anapukusa mitu ndi chisoni. Ishbel anangotsonya.

Murdo, mwamuna wake, sanapsompsonepo mgolo. Tsiku limenelo anabwera kunyumba akutukwana, chifukwa mabwana anawauza za kutsekako chakudya cha masana chili m'kamwa. Mabanja anasamuka, sukulu inatsekedwa, ndipo Murdo anakathera mphamvu zake pa zitsime za mafuta pakati pa nyanja, n'kubwerako chifuwa chitawonongeka. Pamaliro ake panalibe wa suti ngakhale mmodzi. Wa pakamwa pa shugayu nayenso kunalibe.

Alasdair anatunga mowa mumgolomo, wofiirira ngati uchi, n'kubwera nawo kwa Ishbel.

"Tambula yoyamba ndi ya mkazi wa malemu. Landirani, mayi."

Ishbel anailandira n'kununkhiza. Munali utsi, mchere wa m'nyanja ndi balere wonyowa, fungo lenileni la juzi ya Murdo. Koma nkhope yake sinasinthe.

"Mowawu ndi wabwino," anatero mokweza. "Chawola ndi pakamwa pako. Murdo unamudziwira kuti iwe? Unalipo pamene ankatsokomola magazi?"

"Mayi, chonde, pali alendo."

"Alendowo auze kuti misozi ya Murdo mwathiramo madontho angati m'botolo lililonse. Ndipo siketiyo waivala chakumbuyo."

Wina anaseka n'kudzigwira pakamwa. Makutu a Alasdair anafiira. Ishbel anaika tambula pamwamba pa mgolo, osalawa ndi dontho lomwe, n'kutuluka pang'onopang'ono, ndodo ikugogoda pasimenti.

Panja mvula inkawaza cham'mbali. Mayi wina wa ku Germany anamutsatira ndi ambulera, nkhope ili ndi manyazi.

"Pepani, mayi. Anthu a makampaniwa sadziwa za pachilumba pano. Mwina bamboyu anangopatsidwa nkhaniyo ku ofesi. Kodi munakumanapo naye kale?"

Ishbel anamanga mpango wake pansi pa chibwano.

"Ndinamubereka ndine," anatero. "Akugulitsa bambo ake m'mabotolo, pamene pamanda awo sapadziwa n'komwe."