Mota Imodzi pa Nyumba

M'mudzi wa Kaphulika nyumba iliyonse inkalandira magetsi okwanira mota imodzi yoyendetsa makina basi. Bokosi lotuwa la pakhoma ndilo linkagawa mphamvuyo: ukawonjezera liwiro la mota ina, inzake inkafooka.

Kwa Lekeleni mota zinali ziwiri. Ina inali ya pampu yothirira matimati a amuna ake, a Kambewa. Ina inali m'makina opopera mpweya bambo ake omubereka, a Jailosi, amene mapapo awo anatha ndi fumbi la kumgodi. Pampu ikamayenda, Lekeleni ankawakhazika tsonga bambo akewo n'kumawakupiza ndi lichero mpaka madzi akwane.

Dzuwa la Okutobala litafika, matimati anayamba kufota. A Kambewa anapotokola kachitsulo ka pabokosi kuti pampu ilandire pafupifupi zonse, kenako anakazula n'kukaponya m'thumba.

"Abambo, bwezeraniko pang'ono chabe," anatero Lekeleni atawagwadira amuna akewo. "Tamvani mmene bambo anga akubanikira."

"Apongozi zaka zawo anadya kale. Matimatiwa akauma, tidya chiyani?"

Lekeleni anatola chikwanje, nathamangira kudimba, nadula waya wa pampu kuti mphamvu yonse ibwerere kwa bambo ake. Koma bokosi linayesa kuti wina akuba magetsi, ndipo monga mwa lamulo linathimitsa nyumba yonse.

Pobwerera anapeza m'nyumba muli zii. Makina anali ataleka, bambo ake nawonso anali ataleka kupuma. A Kambewa anali chilili pakhomo.

"Ine ndinawasiyirako pang'ono," anatero osakweza mawu. "Nanga iwe wawasiyira chiyani?"