Udzudzu wa Bungwe

Amene anam'tsekera mankhwala Nagama ndi a bungwe la mayiko akunja, ndipo mlamu wake Kambwiri, woyang'anira mabokosi, anangopinda manja.

Lamulo lawo n'limodzi. Mankhwala a malungo ndi aulere, nyumba iliyonse ili ndi bokosi lake pakhoma, koma udzudzu osapha, poti wina ndi woweta wa bungwe, woti uthetse wam'tchire. Bokosilo lili ndi makutu. Likamva kuti pha! limadzitseka mpaka mwezi uthe. Motero m'mudzi anasiya kuomba m'manja, ndipo apongozi amawalonjera pongogwira pachifuwa.

Nagama, amene malungo anam'landa kale mwamuna, ankatsata zonsezi. Koma m'mawa uja, akupukuta mwana wake Tiyese amene anali atatentha thupi, anaona udzudzu utakhuta patsaya pa mwanayo. Dzanja linapita lokha. Bokosi linadzitseka.

Anathamangira kwa Kambwiri. "Alamu, tsegulani, mwana akunjenjemera!"

"Kiyi ali ndi a bungwe kunja, mlamu. Bwanji simunangouzira?"

"Ndiuzire? Ndi phala limenelo?"

"Mwina mwapha wa bungwe."

Nagama anatambasula chikhatho. "Wa bungwe munati suluma. Nanga magazi awa ndi a ndani?"

Kambwiri anayang'ana pansi. "Bokosi siliona, limangomva. Ndipo mukaliswa, achotsa mabokosi mudzi wonse."

Nagama anabwerera n'kutenga nkhwangwa. Pano waima pakhoma paja, Tiyese akubuula pamphasa.

Inu mukuwerenganu, musangoti pepani. Yankhani: nkhwangwayi aswere bokosi la mankhwala, kapena akadulire mtengo wa bokosi linalo, la maliro?