Makwinya a Apongozi

"Amayi, musaphethire," anatero telala, diso limodzi lili pakamera.

"Ndaphethira kale kasanu. Jambulani bambo, msana ukuwawa," anayankha apongozi ake ali pampando.

Telalayo anagula kamerayo mwezi watha, n'kumadziphunzitsa yekha poonera mavidiyo pafoni. Mkazi wake anali atanenetsa kuti chithunzi ichi chikapanda kutuluka bwino, kamerayo igulitsidwa.

Telala anadina, n'kuyang'ana chithunzicho. Wotchi yapakhoma inatuluka bwino mpaka manambala ake, koma nkhope ya apongozi inali mbuu, ngati ali mu utsi.

"Tione," anatero mkazi wake, akulanda kamera. "Mwajambula amayi anga kapena wotchi?"

Apongozi anavala magalasi n'kuyang'anitsitsa.

"Ii! Makwinya onse apita kuti? Mwana iwe, usamanyoze amuna ako. Ali ndi luso awa."

Posakhalitsa uthenga unafika kuti anzawo asanu a apongozi abwera Loweruka, aliyense akufuna chithunzi chake. Telala anaona kuti sangachitenso manyazi pamaso pa alendo. Masiku atatu sanakhudze makina osokera, akuphunzira kulunjikitsa kamera pankhope, mpaka anadziwa.

Loweruka anakhazika mayi woyamba pampando womwe uja, n'kudina monyadira. Chithunzi chinatuluka mbee, imvi iliyonse ndi khwinya lililonse zili pamalo pake.

Mayiyo anayang'ana kamodzi kokha, n'kutola chikwama chawo.

"Tiyeni tizipita anzanga," anatero. "Kamera ija yawonongeka."