Wopukusa Chizungulire

Foni ya aphunzitsi a Chitalu inali itajambula mawu kwa mphindi khumi, koma a Japhet anali asanapume n'komwe. A Langford anakhala pa thayala lakutha n'kumamvetsera, akukukuta mano.

Pakati pa bwalo la Ruben, wowotcherera zitsulo wa ku Mfuwe, panagona Chizungulire, wilo lalikulu la mipando inayi lomwe kale linkakweza anthu m'mwamba pa chionetsero cha zaulimi, alimi akagulitsa thonje. Linalibe injini. Linkayenda ndi mikono ya munthu wopukusa chogwirira. A Chitalu analipeza mu udzu ku Msoro, litachita dzimbiri, ndipo anaitana onse olikumbukira kuti anene nkhani zawo Ruben asanalikonze.

Wopukusayo anali a Langford, kwa zaka zisanu. Koma lero amene ankawala anali a Japhet, munthu amene sanagwirepo chogwiriracho ngakhale ndi chala.

“Mu eyite-naini ndinakwera katwente, madamu,” anatero a Japhet, akuphethira diso. “Ndipo sindinali ndekha.”

Anthu anaseka. A Langford sanaseke, chifukwa maulendo amenewo ankawadziwa bwino. Anawapukusa okha.

Lamulo la Chizungulire linali lakuti mpando uliwonse ukhale ndi anthu awiri, kuopa kuti wilo lingalemere mbali imodzi. Chaka chimenecho Rosemary, mtsikana wa ku Malama amene Langford ankamufera mumtima osamuuza, anakwera masiku onse atatu a chionetserocho. Ndipo ulendo uliwonse pambali pake pankakhala Japhet, msuweni wa mtsikanayo. Kuno msuweni ndi mkazi wako ukangofuna, aliyense amadziwa.

Mpando wawo ukamakwera, Langford ankauona chakumbuyo. Ankaona Rosemary akupendekera kwa Japhet n'kumunong'oneza kanthu m'khutu, Japhet n'kupukusa mutu, mtsikanayo n'kumutsina. Mpandowo ukamatsika kuti akumane nawo maso ndi maso, iye ankazyolika n'kupukusa mwaukali, thukuta lili kamukamu. Ati awaonetse kuti zikumuwawa? Ndi mikono yake yomwe ankakweza mnzake kukanyengerera mkazi kumwamba!

Chaka chotsatira Japhet anapeza ntchito yolondera nyama kupaki n'kuchoka. Langford anatumiza ankhoswe ku Malama, ndipo Rosemary anavomera tsiku lomwelo. Wina akanasangalala. Langford anangoti watola zimene mnzake wasiya.

Nsanje imeneyi anakhala nayo zaka makumi atatu ndi zinayi, kuisamala kuposa mbuzi zake. Analetsa dzina la Chizungulire m'nyumba mwake. Ku chionetsero sanapitenso ndi mkazi wake ngakhale kamodzi. Rosemary akayimba posinja, iwo ankati akukumbukira za m'mwamba zija. Akakhala chete, ankati ndiye kwenikweni. Japhet akabwera kudzacheza, iwo ankapeza chochita kudimba. Khotekhote ngwa njira, ankatero mumtima, palinga mtima mpomwepo.

Kufunsa sanafunsepo, poopa yankho. Chaka chatha Rosemary anamwalira, ndipo yankholo analiika naye m'manda. Wotsala wodziwa zimene zinkanenedwa pampando paja anali mmodzi yekha, uyu anali kutafuna mtedza pamthunzi apayu.

“Ba Langford, inu simunanenepo kanthu,” anatero a Chitalu, akuwalozetsa foni. “Wopukusa amakumbukira chiyani?”

A Langford anaimirira, mawondo akulira. Foniyo sanaiyang'ane. Anapita kukaima pamaso pa a Japhet, ndipo anthu onse anatembenukira kwa iwo. Ngakhale Ruben anazimitsa makina ake.

“Alamu, mwanena za maulendo anu twente. Malizani nkhaniyo. Mkazi wanga ankakuuzani chiyani m'khutu?”

A Japhet anasiya kutafuna. “Pano, alamu? Pagulu?”

“Pompano. Ndakalamba, sindikufuna kufa nazo. Ngati munali naye pangano, nenani, anthu amve kuti ine ndinali wongogwirizira malo.”

Anali okonzeka kumva chilichonse. Anali atayeserera kale m'mene adzasekere, n'kutenga njinga yawo, n'kumapita osacheuka.

A Japhet anawayang'ana. Nthabwala zonse zinawathera pankhope.

“Kodi sanakuuzeni? Zaka zonsezi?”

“Sindinamufunse.”

“Kalanga ine,” anatero a Japhet, akupukuta manja pa thalauzi. “Anandilumbiritsa kuti ndisanene, ankati ndi zamanyazi. Ine wilo ili sindinkalifuna, linkanditembenuza m'mimba. Ankachita kundikoka, poti yekha simukanamulola kukwera. Mtsikana wa ku Malama sakanaima pagulu n'kumayang'anitsitsa mnyamata, azakhali ake ali pomwepo. Ndiye ntchito yoyang'ana anandipatsa ine.”

“Kuyang'ana chiyani?”

“Inuyo, alamu. Tikangodutsa pansi n'kuyamba kukwera, ankafunsa funso limodzimodzi: ‘Wandiyang'ana?’ Ndipo katwente konse ndinayankha kuti ayi, chifukwa inu simunadzutsepo mutu.”