Dzino Lachisanu ndi Chiwiri

Dokotala Nkandu Lombe anaika dzino lomaliza pa kambale ka makina, nadina batani. Kambale kanazungulira, kuwala kwabuluu kukulinyambita dzinolo mbali zonse. Pa kompyuta linatulukira lalikulu ngati dzungu, loti n'kulitembenuza ndi chala. Asanaphethire kawiri, manambala anali atandandalika kale: m'litali, m'lifupi, kutalika kwa nsonga iliyonse. Mano khumi, mphindi makumi awiri.

Tsidya la tebulo, ba Mathias Katongo anali akadali pa dzino lachitatu.

Nkandu anawayang'ana cham'mbali. Mdala wa ku Kabwata, jekete yotuwa m'zigongono, kachitsulo koyezera kali m'manja ngati akufuna kuzula minga. Kwa zaka makumi atatu ankangoyeza mano m'nyumba imeneyi ya ku Woodlands, momwe bungwe lawo linkasungira mano a anthu amakedzana ofukulidwa m'mapanga. Digiri analibe. Nkandu anatha zaka zisanu ndi chimodzi kunja, kuzizidwa ndi kugona m'laibulale, kuti adzakhale tebulo limodzi ndi munthu wonyowetsa pensulo ndi lilime!

Mpikisano woyeza manowu Nkandu anachita kuupempha yekha. Mkulu wa bungwe, ba Mwenya, ankazengereza kuwapumitsa ntchito mdalayo. Tsono lero aone okha ndi maso awo.

Dzuwa linafika paliwombo ba Katongo asanamalize. Atapereka pepala lawo, ba Mwenya anayamba kufananitsa manambala. Loyamba, chimodzimodzi. Lachiwiri, chimodzimodzi. Nkandu anayasamula mokweza. Nanga chodabwitsa n'chiyani? Ngakhale nkhuku yakhungu imatola chimanga nthawi zina.

"Lachisanu ndi chiwiri mwasiyana," anatero ba Mwenya. "Theka la milimita."

Theka limeneli silinali lachabe. Ndi limene likanagamula ngati mwini dzino anali munthu wonga ife kapena wa mtundu wina wakale kwambiri, ndipo lipoti linkayembekezeka kutumizidwa Lachisanu.

"Ba Dokota," anatero ba Katongo motsitsa mawu, "dzino ilo lili na dothi louma pambali. Makina yayeza pamodzi na dothi."

Nkandu anaseka mpaka kugwira m'chiuno.

"Ba mudala, manje mufuna kuphunzitsa kompyuta? Maso anu anatha kalekale. Pitani mukasewere nsolo pansi pa mtengo na anzanu, sayansi mutisiyire ise."

Mdalayo anapukuta kachitsulo kake ndi mpango, nayamba kulongedza.

Koma ba Mwenya anali akukandabe m'mutu, ndipo zimenezi zinamuwawa Nkandu kuposa mawu a mdalayo. Anatulutsa foni, naimbira kuyunivesite ya kunja imene inapanga pulogalamu yoyezerayo. Anakweza mawu a foni kuti aliyense amve, naiika pakati pa tebulo. Anafotokoza m'Chingerezi chake chosalala kuti pali wantchito wina wokalamba amene akutsutsana ndi makina, ndipo akungofuna mawu amodzi oti nkhani ithe.

Mayi wa kumeneko anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kumene akuimbira.

"Ku Lusaka," anatero Nkandu, akuyang'ana zikhadabo zake.

"Ku Lusaka! Ndiye simufunikanso ife," anatero mayiyo mosangalala. "Pulogalamuyi tinaiphunzitsa kuyeza pogwiritsa ntchito mano zikwi zisanu amene anayezedwa pamanja ndi munthu mmodzi wa komweko, bambo M. Katongo. Ikasiyana ndi manambala awo, ife timakonza pulogalamu. Ngati akadali moyo, apatseni dzinolo aliyeze."